Nambala 7 ya Manchester United ndi Amene Adaivala

Nambala 7 ya timu ya Manchester United ya ku England ndi imodzi mwa nambala zodziwika kwambiri pa mpira wa miyendo padziko lonse. Ku Lilongwe jezi yofiira yokhala ndi nambalayi imapezeka paliponse: pa milu ya kaunjika kumsika wa Tsoka, pamsana pa akabaza a ku Chinsapo ndi ku Area 25, m'mavidiyo sho a ku Kawale ndi ku Biwi pamene ligi ya ku England ikuonetsedwa Loweruka masana, ndiponso pa mabwalo afumbi a ku Mgona ndi ku Area 23 pomwe ana amamenya chikulunga. Ambiri mwa oivala amaidziwa chifukwa cha munthu mmodzi, Cristiano Ronaldo. Koma nambalayi idatchuka Ronaldo asanabadwe, ndipo mbiri yake ndi ya zaka zoposa 60.

Mpira udayamba kuseweredwa popanda nambala. Ligi ya ku England idakhazikitsidwa mu 1888, ndipo kwa zaka 40 osewera ankalowa m'bwalo ndi majezi osalembedwa kanthu kumsana. Pa 25 Ogasiti 1928, matimu awiri a mumzinda wa London, Arsenal ndi Chelsea, adayesa kuvala majezi a nambala pa masewero awo a ligi. Mu 1933, pa fainolo ya chikho cha FA, Everton idavala nambala 1 mpaka 11, pomwe Manchester City idavala 12 mpaka 22. Akuluakulu a ligi adadzalamula mu 1939 kuti timu iliyonse izivala nambala 1 mpaka 11. Ankafuna kuti oyimbira mpira, atolankhani ndi oonera azitha kusiyanitsa osewera ali patali.

Nambalazo zidagawidwa motsata kaimidwe ka timu ka masiku amenewo, pomwe kumbuyo kunkakhala anthu awiri, pakati atatu, kutsogolo asanu. Kuwerenga kunkayambira pagolo. Goloboyi ankavala 1, otchinga kumbuyo 2 ndi 3, osewera pakati 4, 5 ndi 6, ndipo akutsogolo, kuyambira kudzanja lamanja, ankavala 7, 8, 9, 10 ndi 11. Motero 7 idagwera wing'a wa kumanja, 9 womwetsa zigoli, 11 wing'a wa kumanzere. Kaimidweko kadasintha kalekale, koma nambalazo zidatsala pakamwa pa anthu. Mpaka lero pabwalo la pasukulu ku Kawale kapena ku Area 25, mnyamata akafunsidwa malo amene amasewera amangoti "ndimamenya 7" kapena "ndimamenya 5", ndipo kochi amadziwiratu pomuika.

Kwa zaka zoposa 50 nambala inali ya malo, osati ya munthu. Wosewera ankatha kuvala 7 Loweruka lino, n'kuvala 11 Loweruka linalo kochi akamusuntha. Pa mpikisano wa World Cup, dongosolo lakuti wosewera aliyense akhale ndi nambala yakeyake mpikisano wonse lidayamba mu 1954, koma m'ligi ya ku England lidafika mochedwa, mu sizoni ya 1993/94, pomwe dzina la wosewera lidayambanso kulembedwa pamwamba pa nambala. Choncho mbiri ya nambala 7 ya Manchester United ili m'zigawo ziwiri: nthawi imene jeziyo inkapita kwa aliyense amene wapatsidwa malowo tsiku limenelo, ndi nthawi imene idasanduka ya munthu mmodzi.

M'chigawo choyambacho, dzina loyambira ndi la Johnny Berry, wing'a wamfupi koma wosaopa, amene adabwera ku United mu 1951 kuchokera ku Birmingham City. Berry adatenga ligi katatu ndi mphunzitsi wa timuyi, a Matt Busby, mu 1952, 1956 ndi 1957. Pa 6 Febuluwale 1958, ndege imene timuyi idakwera pochokera ku Belgrade idachita ngozi ponyamuka mumzinda wa Munich ku Germany. Ngoziyo idapha anthu 23, ndipo 8 mwa iwo anali osewera a United. Berry adapulumuka koma adavulala kwambiri moti sadasewerenso mpira. A Busby nawo adagonekedwa m'chipatala ali kayakaya, ndipo atachira adayamba kumanga timu ina. M'timu yatsopanoyo ndi mmene mudatulukira George Best.

Best adabadwira ku Belfast, ku Northern Ireland, mu 1946, ndipo adalowa m'timu yaikulu ya United mu Seputembala 1963 ali ndi zaka 17. Anali wa njomba, waliwiro, womenya ndi miyendo yonse iwiri, ndipo ngakhale anali wochepa thupi sankaopa otchinga kumbuyo a nthawi imeneyo, amene ankaponda mopanda chisoni. Mu Malichi 1966 adagoletsa zigoli ziwiri m'mphindi zoyambirira pamene United idakwapula Benfica 5 kwa 1, Benficayo ili pakwawo ku Lisbon. Pa 29 Meyi 1968 matimu omwewa adakumananso pa fainolo ya European Cup pabwalo la Wembley. Mphindi 90 zidatha ali 1 kwa 1. M'nthawi yowonjezera Best, atavala nambala 7, adathawa ndi mpira, adazungulira goloboyi n'kuukankhira mu ukonde, ndipo United idapambana 4 kwa 1. Inali timu yoyamba ya ku England kutenga chikhochi, patatha zaka 10 chichitikireni ngozi ya ku Munich. Chaka chomwecho Best adalandira mphoto ya Ballon d'Or.

Komabe zolembedwa zimaonetsa kuti Best adavala nambala 11 kambiri kuposa 7, ndipo nthawi zina ankavala 8 kapena 10. Tsiku limene adagoletsa zigoli 6 yekha posewera ndi Northampton Town mu 1970, kumsana kwake kunali 11. Chimene chidamumangirira ku nambala 7 ndi fainolo ya ku Wembley, poti zithunzi za usiku umenewo ndizo zidafalikira dziko lonse, ngakhale kuti United idasewera itavala majezi a buluu, osati ofiira. Mpira wa Best udatha msanga chifukwa cha mowa ndi kujomba kokonzekera masewero. Adasewerera United komaliza mu Januwale 1974 ali ndi zaka 27 zokha, atagoletsa zigoli 179 m'masewero 470. Adamwalira mu Novembala 2005.

Zaka zotsatira jeziyi idakhala m'manja mwa mawing'a awiri olimbikira ntchito. Woyamba anali Willie Morgan wa ku Scotland, amene adabwera mu 1968 ndipo adaona nthawi yowawa pamene United idatuluka m'ligi yaikulu mu 1974. Wachiwiri anali Steve Coppell, amene adafika mu 1975, chaka chimene timuyi idabwereranso m'ligi yaikulu. Coppell adasewera masewero a ligi 206 motsatizana osajomba, ndipo anali m'timu imene idagonjetsa Liverpool 2 kwa 1 pa fainolo ya chikho cha FA mu 1977. Bondo lidamusiyitsa mpira mu 1983 ali ndi zaka 28.

Amene adachotsa nambala 7 m'mbali mwa bwalo n'kuibweretsa pakati ndi Bryan Robson. United idamugula mu Okutobala 1981 kuchokera ku West Bromwich Albion pa mtengo wa mapaundi 1.5 miliyoni, ndalama zimene padali pasanagulidwepo wosewera aliyense ku Britain. Robson sanali wing'a. Ankasewera pakati, kulanda mipira kumbuyo n'kukapezekanso kutsogolo kukagoletsa. Adakhala kaputeni wa timuyi zaka 12, komanso anali kaputeni wa timu ya dziko la England. Mu Malichi 1984 United idalandira Barcelona ya Diego Maradona itagonja kale 2 kwa 0 pa masewero oyamba. Robson adagoletsa ziwiri, United idapambana 3 kwa 0, ndipo ochemerera adamunyamula pamapewa pomutulutsa m'bwalo la Old Trafford.

Robson adanyamula chikho cha FA katatu ali kaputeni, mu 1983, 1985 ndi 1990, ndiponso chikho cha ku Ulaya cha Cup Winners' Cup mu 1991. Kasewero kake kosadzisunga kankamuvulaza kawirikawiri, makamaka phewa ndi miyendo. Ligi idamuzemba zaka zambiri, poti masiku amenewo inkapita kawirikawiri ku Liverpool. Adadzaitenga chakumapeto, mu 1993 ndi 1994, mphunzitsi ali a Alex Ferguson, amene adafika ku United mu Novembala 1986. Ochemerera ankamudziwa Robson ndi nambala 7 sabata ndi sabata, lamulo la nambala ya munthu mmodzi lisanabwere.

Mu Novembala 1992 a Ferguson adagula Eric Cantona wa ku France kuchokera ku Leeds United pa mtengo wongopitirira pang'ono mapaundi 1 miliyoni. United inali itatha zaka zoposa 25 osatenga ligi. Sizoni yomweyo idaitenga. Poti Robson ankavulala pafupipafupi, jezi nambala 7 idayamba kugwera Cantona, ndipo pamene nambala zidagawidwa kwa munthu aliyense mu 1993, Cantona adapatsidwa 7, Robson 12. Cantona ankasewera kutsogolo, kumbuyo pang'ono kwa womwetsa zigoli, kolala ya jezi ataiimika, chifuwa chili patsogolo. M'masizoni asanu amene adakhala ku United, timuyi idatenga ligi kanayi, ndipo kawiri, mu 1994 ndi 1996, idatenga ligi ndi chikho cha FA pamodzi.

Sizoni imodzi imene ligi idaphonyeka ndi imene Cantona adapalamula. Pa 25 Januwale 1995, ku Crystal Palace, atapatsidwa khadi yofiira, adadumphira wochemerera wina amene ankamunyoza n'kumumenya theche. Adaletsedwa kusewera miyezi 8, ndipo United idaluza ligi kwa Blackburn Rovers ndi pointi imodzi. Atabwerera mu Okutobala chaka chomwecho, adatsogolera timu ya anyamata achisodzera kukatenga ligi, ndipo pa fainolo ya chikho cha FA mu 1996 ndiye adagoletsa chigoli chokhacho chimene chidagwetsa Liverpool. Mu Meyi 1997 adadzidzimutsa anthu polengeza kuti wasiya mpira, ali ndi zaka 30.

Jezi idatsala yopanda mwini, ndipo a Ferguson adaipereka kwa David Beckham, mnyamata woleredwa pa timu pomwepo. Beckham adavalapo 24, kenako 10, nambala imene inali kumsana kwake pamene adagoletsa ali pakati pa bwalo posewera ndi Wimbledon mu Ogasiti 1996. Teddy Sheringham atabwera mu 1997 adatenga 10, Beckham n'kulowa mu 7. Apa nambalayi idabwerera kumalo kwake kwakale, kumanja. Beckham sanali wa njomba ngati Best. Luso lake linali kuponya mpira pamene akufuna: makona, mafirikiki ndi mipira yokhota yopita kutsogolo kwa golo. Pa 26 Meyi 1999, pa fainolo ya Champions League mumzinda wa Barcelona, Bayern Munich inkatsogola 1 kwa 0 mpaka mphindi 90 zitakwana. M'mphindi zowonjezera Beckham adamenya makona awiri. Yoyamba idabala chigoli cha Sheringham, yachiwiri cha Ole Gunnar Solskjær. Sizoni imeneyo United idatenga ligi, chikho cha FA ndi Champions League.

Nthawi ya Beckham ndi imenenso nambala idasanduka malonda. Jezi yolembedwa dzina ndi nambala ya munthu mmodzi inkagulidwa m'maiko ambiri, ndipo timu inkapeza phindu pa dzina la wosewerayo. Ku Malawi zaka zomwezi ndi zimene mpira wa ku England udachoka m'makutu n'kufika m'maso. Kale okonda mpirawu ankaumvera pa wailesi ya BBC Loweruka madzulo ndi kuuwerenga m'nyuzipepala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, madishi adayamba kuchuluka m'malo omwera ndi m'mavidiyo sho, pomwe munthu amalipira pakhomo n'kukhala pabenchi, ndandanda wa masewero atalembedwa ndi choko pabolodi panja. Achinyamata a m'matauni a Lilongwe adaiona nambala 7 koyamba ili pamsana pa Beckham, ndipo majezi ake adayamba kutuluka m'mabelo a kaunjika. Beckham adachoka mu 2003, atasemphana ndi a Ferguson, atatenga ligi kasanu ndi kamodzi. Ku Real Madrid adapeza nambala 7 ili ndi mwini wake, Raúl, ndipo adasankha 23.

Mu Ogasiti 2003 United idasewera masewero apaubale ndi Sporting ku Lisbon n'kugonja 3 kwa 1. Mnyamata wa zaka 18, Cristiano Ronaldo, adazunza otchinga kumbuyo a United usiku umenewo, ndipo pasanathe sabata adagulidwa pa mtengo wa mapaundi oposa 12 miliyoni. Iye adapempha nambala 28, imene ankavala ku Sporting, koma a Ferguson adamupatsa 7. Zaka zoyambirira ankadzudzulidwa kuti amachulutsa njomba zosapindula ndi kugwa msanga akakhudzidwa. Pang'onopang'ono adasintha, adalimbitsa thupi, adaphunzira kumenya ndi mutu, n'kuchoka m'mbali kumalowa pakati kukagoletsa.

Sizoni ya 2007/08 Ronaldo adagoletsa zigoli 42 m'mipikisano yonse, 31 mwa izo m'ligi. Pa fainolo ya Champions League ku Moscow adagoletsa ndi mutu posewera ndi Chelsea. Pa mapenate iye adaphonya, koma United idapambanabe. Chaka cha 2008 adalandira Ballon d'Or, woyamba wa United kuilandira chilandirireni Best zaka 40 m'mbuyomo. Adatenga ligi katatu motsatizana, mu 2007, 2008 ndi 2009, kenako adagulitsidwa ku Real Madrid pa mapaundi 80 miliyoni, mtengo umene udaposa wina uliwonse padziko lonse nthawi imeneyo. Naye adapeza 7 ili ndi Raúl, ndipo sizoni yoyamba adavala 9.

Kuchokera mu 2009 jeziyi idayamba kusinthasintha eni. Michael Owen adaivala zaka zitatu. Amakumbukiridwa ndi chigoli cha m'mphindi yomaliza chimene chidagwetsa Manchester City 4 kwa 3 mu Seputembala 2009, koma nthawi zambiri ankakhala pabenchi kapena ali wovulala. Antonio Valencia wa ku Ecuador adasankhidwa kukhala wosewera bwino wa timuyi mu 2012 atavala 25, adapatsidwa 7, mpira udamuvuta, ndipo patatha sizoni imodzi adabwerera ku 25. Ángel Di María wa ku Argentina adagulidwa mu 2014 pa mapaundi 59.7 miliyoni, koma chaka chimodzi chokha adapita ku Paris Saint-Germain. Memphis Depay adafika mu 2015 ali womwetsa zigoli zambiri m'ligi ya ku Netherlands, ndipo pofika Januwale 2017 anali atapita ku Lyon. Alexis Sánchez, amene adachokera ku Arsenal mu Januwale 2018, adagoletsa zigoli 5 zokha m'masewero 45.

Edinson Cavani wa ku Uruguay adaibwezerako ulemu ndi zigoli 17 mu sizoni ya 2020/21. Ronaldo atabwerera mu 2021, Cavani adamusiyira jeziyo iye n'kutenga 21. Ronaldo adagoletsa zigoli 24 sizoni imeneyo ali ndi zaka 37, koma timu sidatenge chikho chilichonse, ndipo mu Novembala 2022 mgwirizano wake udathetsedwa atadzudzula akuluakulu a timuyi pa kanema. Mu 2023 nambalayi idaperekedwa kwa Mason Mount wochokera ku Chelsea, amene masizoni ake awiri oyamba adasokonezedwa ndi kuvulala.

M'mavidiyo sho mumamveka mawu akuti jeziyi ili ndi minyama. Zifukwa zenizeni zili poyera. Choyamba, a Ferguson adapuma mu 2013 atatenga ligi komaliza, ndipo pambuyo pawo padadutsa aphunzitsi ambiri, monga David Moyes, Louis van Gaal, José Mourinho, Solskjær, Erik ten Hag ndi Ruben Amorim, aliyense ndi kaseweredwe kake ndi osewera ake. Wosewera wogulidwa ndi mphunzitsi uyu ankapezeka kuti sakufunika kwa wotsatira. Chachiwiri, nambala 7 idayamba kuperekedwa kawirikawiri kwa munthu tsiku lomwe wafika, chifukwa cha dzina ndi mtengo wake, pomwe kwa Cantona ndi Beckham idakhala yawoyawo atayamba aonetsa ntchito. Chachitatu ndi kulemera kwa mbiri yomwe. Zili ngati munthu wolowa dzina la mfumu imene idalamula bwino: anthu samuyeza ndi anzake a msinkhu wake, amamuyeza ndi malemu amene adamusiyira mpando. Wing'a wovala 25 akasewera bwino masewero atatu mwa asanu amayamikiridwa. Wovala 7 amafunsidwa za awiri otsalawo.

Matimu ena nawo ali ndi nambala zawo, ndipo amazisamala m'njira ziwiri. Ena amazipereka kwa wolowa m'malo. Ku Liverpool nambala 7 idachoka kwa Kevin Keegan kupita kwa Kenny Dalglish, ndipo idadzafikanso kwa Luis Suárez. Ku Newcastle United nambala yolemekezeka ndi 9, ya Jackie Milburn ndi Alan Shearer. Ku Barcelona ndi 10, imene idadutsa kwa Maradona, Rivaldo, Ronaldinho ndi Lionel Messi, ndipo mu 2025 idapatsidwa kwa Lamine Yamal. Ena amaiika padera kuti isavalidwenso. Napoli idatero ndi 10 ya Maradona, AC Milan ndi 6 ya Franco Baresi komanso 3 ya Paolo Maldini, ndipo Orlando Pirates ya ku South Africa ndi 10 ya Jomo Sono. Nthawi zina chifukwa chake chimakhala maliro: Manchester City idaika padera 23 atamwalira Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon mu 2003, ndipo Liverpool idachita chimodzimodzi ndi 20 atamwalira Diogo Jota pa ngozi ya galimoto mu 2025. Manchester United idasankha njira yoyamba.

Ku Malawi nambala zokumbukika kwambiri ndi za timu ya dziko, Flames. Pa 11 Januwale 2010, mumzinda wa Luanda ku Angola, Flames ya mphunzitsi Kinnah Phiri idakwapula Algeria 3 kwa 0 pa mpikisano wa Africa Cup of Nations, patatha zaka 26 chipitireni ku mpikisanowu koyamba mu 1984. Kutsogolo kwa timu imeneyo nambala zinkatsata dongosolo lakale lija. Russel Mwafulirwa, amene adagoletsa chigoli choyamba, adavala 9. Joseph Kamwendo, wogawa mipira pakati, amene adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa m'ligi ya ku Zimbabwe mu 2005 ali ku CAPS United, adavala 10. Esau Kanyenda, amene adasewera ku Jomo Cosmos komanso ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow ku Russia, adavala 11.

Nambala 7 yokha ndiyo inali pamalo achilendo. Idavalidwa ndi kaputeni Peter Mponda, wotchinga kumbuyo pakati, malo amene mwa kale amavala 4 kapena 5. Kwa ochemerera ambiri a Flames a nthawi imeneyo, 7 ndi nambala ya wotchinga wodekha woyambitsa mpira kumbuyo, osati ya wing'a. Mponda yemweyo ndiye adadzatsogolera Silver Strikers ya ku Area 47 mu Lilongwe ngati mphunzitsi kukatenga ligi yaikulu ya m'dziko muno mu 2024, koyamba chitengereni mu 2013. Kutalikirana kwa nambala ndi malo kukuonekanso kwa Temwa Chawinga, womwetsa zigoli amene amavala 6 ku Kansas City Current ya ku America, komwe mu 2024 adagoletsa zigoli 20 m'ligi n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse.

Nambala ya Flames imene yaonetsa kulowana m'malo ndi 11. Kanyenda atachoka, idadzapezeka pamsana pa Gabadinho Mhango, amene ku Orlando Pirates adagoletsa zigoli 16 m'ligi ya 2019/20 n'kufanana ndi Peter Shalulile pamwamba pa omwetsa zigoli. Pa Africa Cup of Nations ku Cameroon mu Januwale 2022, Mhango adagoletsa ziwiri pamene Flames idagonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1, ndipo timuyi idadutsa ndime ya magulu koyamba m'mbiri yake. Pa 25 Januwale, posewera ndi Morocco ku Yaoundé, adaona goloboyi wasuntha pagolo n'kuthibula mpira ali kutali kwambiri, mphindi 10 zisanakwane. Morocco idabweza n'kupambana 2 kwa 1, koma chigolicho chidaonetsedwa dziko lonse, nambala 11 ili poonekera.

Pa mpira wa m'madera, dongosolo la 1939 likadalipo. Timu ya m'dera ku Mgona kapena ku Chinsapo imakhala ndi majezi amodzi, nthawi zambiri olandira pa bonanza, osungidwa m'chikwama chimodzi kwa kochi kapena kwa msungichuma. Tsiku la masewero chikwamacho chimatsegulidwa pansi pa mtengo, majezi n'kugawidwa motsata malo ndi msinkhu. Mkangano umabuka pa 7, 9 ndi 10. 2 ndi 3 sazilimbirana. Majezi akaperewera, wolowa m'chigawo chachiwiri amavala yomwe wavula mnzake, thukuta lili chonchobe, ndipo madzulo zonse zimabwerera m'chikwama kukachapidwa. Pamenepa nambala ikadali ya timu ndi ya malo, monga inalili ku England masiku a Berry ndi Best.

Mbiri yonseyi ikuonetsa kuti nambala imatchuka zinthu zitatu zikakumana: woivala akhale pa timu zaka zingapo, timuyo izitenga zikho, ndipo wolowa m'malo akhale wa msinkhu womwewo. Chimodzi chikasowa, dzina la nambala limatsala koma ntchito yake imachepa. M'masizoni 16 kuchokera mu 1993 mpaka 2009, nambala 7 ya Manchester United idavalidwa ndi anthu atatu okha, Cantona, Beckham ndi Ronaldo, ndipo timuyi idatenga ligi maulendo 10. M'masizoni 16 otsatira, kuchokera mu 2009 mpaka 2025, idavalidwa ndi anthu 8, kuphatikizapo Ronaldo pobwerera, ndipo ligi idabwera kawiri kokha, mu 2011 ndi mu 2013.